Ambuye Adolphe Lechaptois, Wansembe Woyamba pa Mudzi wa Mponda

Akristu ambiri a kuno ku Mangochi amapyola kwa Mponda popita ku msika kapena ku nyanja, osadziwa kuti dothi limene akupondalo ndilo linalandira ansembe oyamba a Eklezia Katolika amene anadzamanga misasa m'dziko lathu lino. Mtsogoleri wa ansembewo anali Bambo Adolphe Lechaptois. Anakhala pano chaka chimodzi ndi theka chabe, ndipo pochoka sanasiye tchalitchi ngakhale mpingo. Koma mbiri yao iyenera kudziwika, makamaka ndi inu aphunzitsi a katekisimu amene mumagwira ntchito m'midzi momwe oyandikana nanu ambiri ndi Asilamu.

Bambo Lechaptois anabadwa m'chaka cha 1852 pa mudzi wa Cuillé m'dziko la France. Atayamba maphunziro a unsembe kwao komweko, anaoloka nyanja m'chaka cha 1872 nakalowa m'chipani cha Abambo Oyera ku Algeria, chimene Ambuye Charles Lavigerie anali atachiyambitsa mu 1868. Analandira unsembe mu 1878, ndipo akuluakulu ao poona kufatsa kwao ndi kukonda kwao mapemphero, anawaika kukhala mlangizi wa anyamata ofuna kulowa m'chipanicho.

M'chaka cha 1886 anawatuma kukayang'anira mamishoni a ku mapiri a Kabylie, kumene pafupifupi anthu onse anali Asilamu. Kumeneko ndiko anaphunzira njira imene anadzaitsata moyo wao wonse. Lamulo la Ambuye Lavigerie kwa ansembe ao linali lolimba: aphunzire chilankhulo cha eni dziko, avale mkanjo woyera monga iwo, achize odwala, aphunzitse ana, ndipo asathamangire kubatiza kapena kutsutsana ndi anthu pa za chipembedzo chao. Kwa wansembe wachangu lamulo lotere ndi mtanda ndithu, pakuti mtima umafuna kukolola msanga. Koma munthu wolisunga amaphunzira kuti kutembenuza mtima wa mnzake ndi ntchito ya chaulere cha Mulungu, ndipo gawo la wansembe ndilo kukonda, kutumikira ndi kupemphera.

Tsono mu 1889 Ambuye Lavigerie anapangana ndi boma la Apwitikizi kuti atsegule mishoni kumwera kwa nyanja yathu. Anasankha Bambo Lechaptois kukhala mtsogoleri, pamodzi ndi Bambo Valentin Heurtebise, Bambo Joseph Mercui ndi Bulazala Antoine Verkuylen. Anadzera ku Quelimane, nakwera mitsinje ya Zambezi ndi Shire, ndipo anafika kwa Mponda pa 28 Disembala 1889, pafupi ndi pamene Shire amatuluka m'nyanja.

Masiku amenewo anali oopsa. Mudzi wa Mponda unali waukulu, ndipo unali pa njira ya amalonda a minyanga ndi akapolo opita ku nyanja yamchere. Mfumu Mponda inali pa nkhondo ndi mafumu anzake a Chiyao. Chisilamu chinali chitayamba kuzika mizu pakati pa anthu ake. Pamwamba pa izi, Angerezi ndi Apwitikizi analikulimbirana dzikoli, ndipo mu Januwale 1890, patangopita masabata awiri chifikire ansembewo, boma la Angerezi linakakamiza Apwitikizi kuchotsa asilikali ao m'chigwa cha Shire. Chotero amishoni anatsala okha, opanda boma lowatchinjiriza, akudalira ufulu wa mfumu ya Chiyao ndi chifundo cha Mulungu.

Tisaiwale kuti mfumuyo ndiyo inawapatsa malo. Nsembe za Misa zimene Bambo Lechaptois anapereka m'kanyumba kao zinaperekedwa pa dothi la alendo, pakati pa anthu a chipembedzo china amene anawalola kukhala nao. Ansembewo anachita zimene anaphunzira ku Kabylie. Anayamba kuphunzira Chiyao, anatsuka zilonda ndi kugawa mankhwala kwa ali yense wobwera, osafunsa za chipembedzo chake, ndipo anatsegula sukulu kumene ana a m'mudzimo anadza kudzaphunzira kuwerenga. Malungo anawasautsa kawirikawiri, ndipo maso ao anaona zoipa za ukapolo zimene analibe mphamvu yakuziletsa. Analemba zonse m'buku la mishoni tsiku ndi tsiku, ndipo bukulo lakhala mboni yofunika ya moyo wa kwa Mponda m'zaka zimenezo.

Mu Juni 1891, dziko litagwa m'manja mwa Angerezi, anachoka kwa Mponda, nakwera sitima kufika ku Karonga, ndipo kuchokera kumeneko anayenda pansi mpaka ku Mambwe, m'dziko limene lero ndi Zambia, kumene anatsegula mishoni yatsopano. Munthu wowerenga zipatso ndi maso a dziko akadati ulendo wonsewo unapita pachabe.

Mwezi womwewo Papa anaika Bambo Lechaptois kukhala mtsogoleri wa Eklezia wa ku Tanganyika, ndipo anakakhala ku Karema m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika. Anadzozedwa uepiskopi mu 1895. Kumeneko Mulungu anawapatsa zokolola zimene sanazione kuno: mamishoni anachuluka, Amai Oyera anabwera kudzathandiza, ndipo sukulu ya aphunzitsi a katekisimu imene anailimbikitsa inakula kukhala seminale. Mu 1913 anatulutsa buku lofotokoza miyambo, mabanja ndi chipembedzo cha makolo a anthu a m'dzikolo, lolembedwa mwaulemu ngati la munthu amene anayamba wamvetsera asanaphunzitse. Anamwalira ku Karema pa 30 Novembala 1917. Ansembe oyamba ochokera m'seminale yao anadzozedwa mu 1923, iwo ali kale m'manda.

Nako kuno mbeu siinafe. Abambo a Montfort anafika ku Nzama mu 1901, Abambo Oyera anabwerera natsegula Mua mu 1902, ndipo mu 1973 Mangochi anakhala dayosizi. Mu 1989 Papa Yohane Paulo Wachiwiri anadzacheza m'dziko muno, m'chaka chimene Eklezia wa m'Malawi analikukumbukira zaka 100 chifikire anthu anai aja kwa Mponda.

Zimene iwo anachita mwa kumvera, Eklezia anaziphunzitsa poyera pa Msonkhano Waukulu wachiwiri wa ku Vatikano mu 1965, pamene anatikumbutsa kuti Asilamu amapembedza Mulungu mmodzi, amalemekeza Yezu ngati mneneri ndi Maria amai ake, ndipo amasunga mapemphero, kusala kudya ndi kuthandiza osauka.

Inu aphunzitsi amene mwatha zaka zambiri pa tchalitchi kakang'ono ndi akatekumeni owerengeka, musataye mtima, ndiponso musalole kuti kukhumudwa kusanduke chidani ndi anansi anu a ku mzikiti. Pitani ku maliro ao, zondani odwala ao, phunzirani chilankhulo chao, ndipo gwirani chikhulupiriro chanu osachibisa ndi osanyoza cha wina. Pa Misa ya Lamulungu likudzali, tipempherere mzimu wa Ambuye Lechaptois ndi anzao atatu aja, tipemphererenso adzukulu a anthu a kwa Mponda amene anawalandira.