Arnold Dolmetsch

Eugène Arnold Dolmetsch (24 February 1858 – 28 February 1940) anali woimba, mphunzitsi komanso mmisiri wopanga zida zoimbira. Anabadwira ku France koma zaka zambiri za moyo wake anakhala ku England. Amadziwika chifukwa chotsitsimutsa nyimbo zakale za ku Ulaya ndi zida zake, makamaka chitoliro cha mtengo chotchedwa recorder. Mfundo imene anaimapo inali yakuti nyimbo yakale imamveka bwino ikaimbidwa ndi chida chimene mwini wake anailembera.

Ubwana ndi maphunziro

Dolmetsch anabadwira mumzinda wa Le Mans, m'banja la amisiri opanga mapiyano ndi malimba, ndipo luso losema anaphunzirira pakhomo pomwepo. Anaphunzira kuimba vayolini ku Brussels, kenako mu 1883 analowa sukulu ya Royal College of Music ku London. Atamaliza, anayamba kuphunzitsa vayolini pa Dulwich College.

Kufunafuna zida zakale

Pofufuza m'malaibulale a ku London, iye anapeza nyimbo zakale za ku England zimene zinalembedwera zida za zingwe zotchedwa viol. Pa nthawiyo zida zoterezi zinali zitasiyidwa kalekale, ndipo anthu odziwa kuziimba anali osowa. Dolmetsch anayamba kugula zida zakale n'kumazikonza, kenako anayamba kupanga zatsopano: lute mu 1893, clavichord mu 1894 ndi harpsichord mu 1896. Kuyambira 1905 mpaka 1911 anagwira ntchito pa kampani ya Chickering ku Boston, ndipo atachoka kumeneko anakagwira ku kampani ya Gaveau ku Paris mpaka 1914.

Mu 1915 anatulutsa buku lotchedwa The Interpretation of the Music of the XVIIth and XVIIIth Centuries. M'bukuli anasonkhanitsa malangizo a aphunzitsi akale okhudza liwiro la nyimbo, kakometsedwe kake ndi kaikidwe ka zala.

Chitoliro chotayika

Recorder ndi chitoliro chouzira kumapeto, chokhala ndi zibowo zisanu ndi ziwiri kutsogolo ndi chimodzi kumbuyo cha chala chachikulu. Chinali chotchuka m'nthawi ya Purcell, Handel ndi Bach, koma chinazimiririka chitoliro chouzira cham'mbali chitatenga malo ake.

Mu 1905 Dolmetsch anagula recorder yakale yopangidwa ndi Peter Bressan, mmisiri amene ankagwira ntchito ku London cha m'ma 1700. Mu 1919 mwana wake Carl, ali ndi zaka 7, anaiwala chikwama chomwe munali chitolirocho pa siteshoni ya sitima ya Waterloo. Posafuna kusiya kuimba nyimbo zake, Dolmetsch anayesa kusema china mobwerezabwereza mpaka anapeza kabooledwe koyenera ka mkati mwake, komwe ndi komwe kamachititsa kuti mawu asasokere. Chitoliro chotayikacho chinadzapezeka pambuyo pake, koma pofika nthawiyo iye anali atadziwa kale kupanga zake.

Haslemere ndi ophunzira ake

Mu 1917 banja lake linakhazikika m'tauni ya Haslemere ku Surrey, komwe nyumba yawo inali malo osemera komanso sukulu. Mkazi wake wachitatu, Mabel Johnston, ndi ana awo Cécile, Nathalie, Rudolph ndi Carl ankaimba naye limodzi. Mu 1925 anayambitsa chikondwerero cha nyimbo zakale cha Haslemere Festival, ndipo chaka chotsatira anaonetsa gulu la zitoliro zosiyana kukula zikuimba pamodzi. Peter Harlan, yemwe anafika ku chikondwerero choyamba kuchokera ku Germany, atabwerera kwawo anayambitsa kupanga zitoliro zotsika mtengo zambirimbiri.

Anthu ena ankanyoza makonsati a banjali ponena kuti kaimbidwe kake kanali kosapsa, komabe wolemba George Bernard Shaw anali mmodzi mwa omwe anamuyamikira.

Zaka zomaliza

Dolmetsch anavutika ndi ndalama nthawi zambiri, ndipo mu 1928 anzake anakhazikitsa bungwe la Dolmetsch Foundation kuti ntchito yake isafe. Boma la Britain linamupatsa penshoni mu 1937, France inamupatsa ulemu wa Légion d'honneur mu 1938, ndipo yunivesite ya Durham inamupatsa digiri yaulemu mu 1939. Anamwalira ku Haslemere mu 1940. Carl anapitiriza kupanga, kuimba ndi kuphunzitsa recorder mpaka imfa yake mu 1997. Chitoliro cha Bressan chija tsopano chimasungidwa ku Horniman Museum ku London.