Mfumu Msyamboza ya ku Chibanzi

Pakati pa mafumu a Acewa amene anaona ndi maso ao kudza kwa Azungu, dzina la a Msyamboza silinafafanizike. Iwo anabadwa ca m'ma 1830 m'dziko limene lero ndi boma la Dowa ku Malawi, namwalira m'caka ca 1926 ali nkhalamba yeniyeni. Kwa ife okhala muno mu Garden Dowa ndi kutali, koma mtundu ndi umodzi, ndipo mbiri yao ndi yathunso.

Pa unyamata wao anali mlenje wa njobvu. Minyanga anali kukagulitsa kwa Jumbe ku Nkhotakota, nabwerako ndi nsalu, mfuti ndi wonga. Zinali zaka zoopsa za nkhondo za Angoni a Chiwere, pamene anthu ambiri anali kugona m'mapiri ndi m'malinga.

Dziko linagwa m'manja mwa Angerezi mu 1891, ndipo mu 1894 Robert Blake wa mishoni ya Dutch anamanga pa Kongwe. A Msyamboza sanakhale manja lende. Pamudzi pao pa Chibanzi analandira sukulu. Anakumbitsa ngalande zotengera madzi kumadimba m'nyengo ya cilimwe, nabzala tirigu, anyezi ndi mitengo ya zipatso, mbeu zimene Azungu a paboma ndi a pamishoni anali kuzifuna. Masiku amenewo anyamata ambiri anali kuyenda pansi kunka ku Halale kukafuna ndalama ya msonkho wa nyumba. Mfumuyi inaonetsa kuti ndalama yomweyo ingatuluke m'dothi la kwao.

Pali cina cimene ife osunga mwambo sitingacibise. A Msyamboza analetsa gule wamkulu pamudzi pao, ndipo atakalamba analowa Cikristu. Ng'oma za nyau zinati zii pa Chibanzi, koma m'midzi ina dambwe linakhalabe, ndipo mkangano wa sukulu ndi dambwe unatenga zaka zambiri. Kunena zoona, pamenepa nkhalambayi inaumitsa dzanja kopitirira. Gule yemweyo ndiye amene UNESCO inamlemekeza mu 2005, ndiyenso amakometsa mwambo wa Kulamba ku Mkaika pamaso pa Kalonga Gawa Undi.

Zambiri za moyo wao tikuzidziwa cifukwa ca mphunzitsi Samuel Josia Ntara, mlembi wa Mbiri ya Acewa, amene anafunsa akuluakulu odziwa mfumuyi nalemba buku la moyo wao. Cullen Young analimasulira m'Cingerezi, ndipo linasindikizidwa mu 1949 ndi dzina lakuti Headman's Enterprise.