Aladár Aujeszky

Aladár Aujeszky (11 Januwale 1869 – 9 Malichi 1933) anali dokotala komanso katswiri wa tizilombo toyambitsa matenda wa ku Hungary. Amadziwika chifukwa cha nthenda ya ziweto yomwe anaifotokoza mu 1902, imene mpaka lero imatchulidwa ndi dzina lake, nthenda ya Aujeszky. Pachingerezi imatchedwanso pseudorabies, kutanthauza chiwewe chabodza. Nthendayi yapha ana a nkhumba ochuluka ku Ulaya, ku America ndi ku Asia, ngakhale kuti Aujeszky mwiniwake sanaipeze mu nkhumba.

Maphunziro ndi ntchito

Anabadwira ku Pest, tauni imene mu 1873 inaphatikizidwa ndi Buda ndi Óbuda kukhala mzinda wa Budapest. Anaphunzira udokotala wa anthu pa yunivesite ya mumzindawo, kenako anagwira ntchito pansi pa Endre Hőgyes, mkulu wa Pasteur Institute ya ku Budapest, komwe ankabaya katemera anthu olumidwa ndi agalu achiwewe. Panthawiyo katemerayu anali wachilendo, popeza Louis Pasteur anamuyesa koyamba pa munthu mu 1885. Apa ndi pamene Aujeszky anachidziwira bwino chiwewe.

Pambuyo pake anasamukira ku mbali ya ziweto. Kuyambira 1907 mpaka imfa yake ankaphunzitsa ndi kutsogolera kafukufuku wa mabakiteriya pa sukulu ya madokotala a ziweto ku Budapest. Analemba nkhani zasayansi zoposa 500, ndipo anagwiranso ntchito yokonza katemera woteteza agalu ku chiwewe.

Zomwe anapeza mu 1902

Nyama zimene anafufuza zinali ng'ombe, galu ndi mphaka, zomwe zinafa ndi zizindikiro zofanana ndi chiwewe. Kunalibe njira yachidule yotsimikizira nthendayo, chifukwa timadontho ta muubongo timene madokotala anadzayamba kudalira anatitulukira Adelchi Negri chaka chotsatira, mu 1903. Chomwe ankachita n'kutenga kachidutswa ka nyama yakufayo, kubaya nako kalulu, n'kudikira.

Akalulu a Aujeszky sanachite monga amachitira akalulu achiwewe. Chiwewe chimatenga masiku ambiri chisanaonekere, koma iwowa ankafa m'masiku ochepa chabe, ndipo asanafe ankadzikanda ndi kudziluma pamalo pomwe anabayidwapo mpaka kutuluka magazi. Kuyabwa koteroko si khalidwe la chiwewe. Wina akanangolemba kuti ndi chiwewe chofulumira n'kupitiriza ntchito zina. Ngakhale masiku ano, galu akayamba kuchucha dovu n'kufa, kaya ku Nkopola kaya ku Mchinji, aliyense amangoti chiwewe, ndipo kusamala koteroko n'koyenera popeza chiwewe chimapha anthu. Aujeszky anapitiriza kupatsira akalulu ena, naona kuti zizindikirozo zikubwera chimodzimodzi nthawi zonse, ndipo analemba m'magazini ya Chijeremani kuti iyi ndi nthenda ina ya ziweto.

Kachilomboko sanakaone. Mu 1910 Schmiedhoffer, wa ku Hungary komweko, anaonetsa kuti kamadutsa pa sefa yomwe imatsekereza mabakiteriya, kusonyeza kuti ndi vairasi. Mu 1931 Richard Shope wa ku America anatsimikiza kuti nthenda yoyabwitsa ng'ombe imene alimi akumeneko ankaidziwa kuyambira kale ndi yomweyi ya Aujeszky. Kafukufuku wa Shope wa m'zaka zotsatira ndi amene anaonetsa kuti ng'ombezo zinkaitenga kwa nkhumba.

Kachilomboko ndi nkhumba

Masiku ano kachilomboka kamatchedwa Suid alphaherpesvirus 1. Sikali pachibale ndi ka chiwewe n'komwe: ndi ka m'banja la herpes, limodzi ndi kamene kamayambitsa katsabola ndi mashingozi mwa anthu. Kali ndi DNA ya zingwe ziwiri yokhala ndi majini pafupifupi 70, ndipo kunja kamakutidwa ndi kachikopa kokhala ndi mapuloteni omwe kamagwirira maselo a nyama. Kamalowera m'mphuno ndi m'kamwa, kuswana pamenepo, kenako n'kutsata minyewa mpaka ku ubongo.

Nkhumba yokha ndi imene imatha kudwala n'kuchira, ndipo vuto lagona pomwepo. Ana a nkhumba osakwana milungu iwiri amanjenjemera, kukomoka ndi kufa pafupifupi onse. Nkhumba zabere zimapoloza kapena kubereka ana akufa. Zikuluzikulu zimangotentha thupi ndi kutsokomola, kenako zimaoneka zabwinobwino, koma kachilomboko kamabisala m'minyewa ya m'mutu moyo wake wonse. Nkhumbayo ikapanikizika, monga pobereka kapena paulendo wa kumsika, kamadzukanso n'kufalikira m'khola. Ng'ombe, nkhosa, mbuzi, agalu ndi amphaka zikatenga nthendayi zimayabwidwa koopsa ndipo zimafa m'masiku awiri kapena atatu, kawirikawiri osapatsira zinzake. Choncho nyama zitatu za Aujeszky zinali kumapeto kwa njira ya kachilomboko, osati kugwero. Anthu sikawagwira kawirikawiri.

Nthendayi isasokonezedwe ndi chigodola cha nkhumba, chimene alimi a ku Malawi amachidziwa bwino, makamaka m'chigawo chapakati. Chigodola chimayamba ndi vairasi ina, yomwe R. Eustace Montgomery anaifotokoza ku Kenya mu 1921, ndipo chimapha nkhumba za misinkhu yonse.

Imfa yake ndi zotsatira

Aujeszky anamwalira ku Budapest ali ndi zaka 64, nthenda yake isanasanduke vuto lalikulu. Inadzakula kwambiri cha m'ma 1960 ndi 1970, alimi atayamba kuweta nkhumba zambirimbiri m'makola akuluakulu.

Katemera wotchuka anachokeranso ku Hungary. Mu 1961 Adorján Bartha anatulutsa mtundu wofooka wa kachilomboka. Patapita zaka zinadziwika kuti mtundu umenewu ulibe puloteni yotchedwa gE, ndipo izi zinathandiza kwambiri: poyeza magazi, nkhumba yokhala ndi chitetezo cholimbana ndi gE ndiye kuti inakumana ndi kachilombo kenikeni, pomwe yopanda chitetezocho inangolandira katemera. Ndi njira imeneyi mayiko monga Netherlands ndi Germany anathetsa nthendayi m'makola awo, ndipo United States inatero mu 2004, ngakhale kuti ikadalipo mu nkhumba zam'tchire. Ku China mtundu watsopano unabuka mu 2011 pakati pa nkhumba zomwe zinali zitabayidwa kale katemera wa Bartha. Mtundu wa Bartha umagwiritsidwanso ntchito ndi akatswiri a ubongo: popeza umayenda kuchoka pa selo lina la minyewa kupita pa linzake, amautsatira mu makoswe kuti aone mmene minyewa imalumikizirana.