Dotolo Mary Walker ndi mendulo yake

Kodi munaonapo dotolo wamkazi? Masiku ano aliko ambili, koma kale sizinali conco.

Mary Walker anabadwa mu 1832 ku Oswego, tauni yaing'ono ya ku America. Makolo ake anali alimi. Mary anakula akugwila nchito za kumunda pamodzi ndi abale ake.

Atakula, anayamba kuphunzitsa ana pasukulu. Ndalama zimene anali kulandila anali kusungako pang'onopang'ono, mpaka zinakwana zolipilila kukoleji ya madotolo ku Syracuse. Anatsiliza maphunzilo ake mu 1855. M'kalasi mwake wamkazi anali yekha cabe.

Mary anayamba nchito ya udotolo m'tauni ina yochedwa Rome, ku America komweko. Koma odwala obwela kwa iye anali ocepa. Anthu sanali kukhulupilila kuti mkazi angathe kucilitsa munthu.

Mu 1861 ku America kunabuka nkhondo yapaciweniweni. A kumpoto anali kumenyana ndi a kum'mwela. Mary anapita kwa akuluakulu a asilikali a kumpoto kukapempha nchito ya udotolo. Iwo anamukanila cifukwa anali mkazi.

Kodi muganiza kuti anabwelela kwawo? Iyai! Anayamba kuthandiza asilikali ovulala popanda malipilo. Anali kutsuka zilonda zawo ndi kuzimanga. Akuluakulu aja anaona nchito yake, ndipo mu 1863 anamulemba nchito.

Mary sanali kusankha odwala. Nthawi zina anali kupita kudela la adani kukathandiza anthu wamba amene anali kudwala. Ulendo wotele unali woopsa kwambili. Mu Epulo 1864 asilikali a kum'mwela anamugwila. Anamutsekela m'ndende mumzinda wa Richmond, ndipo anakhalamo miyezi 4. Anatuluka ali wofooka, koma anabwelelanso pa nchito yake.

Nkhondo inatha mu 1865. Caka comweco Pulezidenti Andrew Johnson anapatsa Mary mendulo yochedwa Medal of Honor. Imeneyi ndiye mendulo yaulemu waukulu koposa kwa asilikali a ku America. Mpaka lelo palibe mkazi wina amene anailandilapo.

Mu 1917 boma linafafaniza dzina la Mary pa mndandanda wa anthu olandila menduloyo. Linati iye sanali msilikali weniweni. Pa nthawiyo Mary anali nkhalamba, koma anakana kubweza mendulo yake. Anapitiliza kuivala pacifuwa tsiku ndi tsiku.

Mary anamwalila kwawo ku Oswego pa 21 Febuluwale 1919, ali ndi zaka 86. Anamuika m'manda komweko. Patapita zaka 58, mu 1977, boma linabwezela dzina lake pa mndandanda uja.

Mafunso

1. Kodi Mary Walker anabadwila kuti?
2. Kodi ndalama zolipilila kukoleji anazipeza bwanji?
3. N'cifukwa ciani odwala anali ocepa ku Rome?
4. Kodi Mary anacita ciani pamene akuluakulu a asilikali anamukanila nchito?
5. Mukanakhala inu, kodi mukanabweza mendulo? Fotokozani cifukwa cake.