Mark Hanna Watkins: mphunzitsi amene adayamba ndi kutchera khutu

Tsiku la msika kwa Kaphuka ku Dedza, imani pafupi ndi mayi wogulitsa kachewere mumvetsere bwino. Mawu oti mtengo wa katundu ndi mtengo wa m'nkhalango timawalemba chimodzimodzi, koma pakamwa satuluka mofanana. Pa wa m'nkhalango liwu limakwera pakati, pa wa katundu limangoyenda chogona. Mayiyo sadaphunzire zimenezi m'kalasi, komabe saphonya ndi tsiku limodzi lomwe.

Munthu woyamba kuonetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu kumeneku m'buku la malamulo a Chichewa sadali Mchewa, komanso sadali mmishonale. Adali munthu wakuda wa ku America, dzina lake Mark Hanna Watkins. Ambiri a ife sitimudziwa, chonsecho mbiri yake ikukhudza mkangano umene sutha pakati pathu: kodi mwini chiyankhulo ndani?

Watkins adabadwa m'chaka cha 1903 ku Huntsville, m'chigawo cha Texas. Bambo ake adali mbusa wa mpingo wa Baptist, ndipo iye adali chitsirizira m'banja la ana 14. Masiku amenewo tsankho lidali la lamulo kumeneko, mwana wakuda ankaphunzira sukulu yakeyake. Mnyamatayu adalimbikira mpaka kutenga digiri ku Prairie View mu 1926, kenaka adapita ku yunivesite ya Chicago komwe adakhala wophunzira wa Edward Sapir, katswiri wa ziyankhulo.

Sapir ankaphunzitsa chinthu chimene azungu ambiri a nthawi imeneyo sankafuna kumva: kuti palibe chiyankhulo chotsalira kapena chachikunja, chilichonse chili ndi malamulo ake okwanira. Ntchito ya wophunzira, malinga ndi iye, idali kukhala pansi ndi mwini chiyankhulo, kufunsa, kumvetsera, n'kulemba zimene zatuluka pakamwa, osati kuchikakamiza kuvala malaya a Chilatini kapena Chingerezi.

Mwini chiyankhulo amene Watkins adamupeza pa sukulupo adali mnyamata wa ku Kasungu wophunzira mbiri yakale, Hastings Kamuzu Banda. Kuyambira 1930 mpaka 1932 awiriwa ankakhalira limodzi, wina kuyankhula, wina kulemba. Ntchitoyo idampatsa Watkins digiri ya udokotala mu 1933, ndipo idasindikizidwa mu 1937 ndi dzina loti A Grammar of Chichewa.  Amishoni adali atalembapo kale, monga David Clement Scott wa ku Blantyre ndi dikishonale yake ya Chimang'anja ya 1892, koma za liwu lokwera ndi lotsika adazisiya panja.

Tsono musaganize kuti luso limeneli lidayambira ku Chicago. Pa yunivesite yomweyo, zaka zomwezo, pankaphunzitsanso Leonard Bloomfield, amene m'buku lake la 1933 adatamanda kwambiri mkulu wina wa ku India wotchedwa Panini. Mkuluyu adakhala ndi moyo zaka mazana angapo Yesu asadabadwe, ku Gandhara, dera limene lero lili ku Pakistan. Adalongosola chiyankhulo cha Sanskrit m'malamulo afupiafupi pafupifupi 4,000, oikidwa m'mitu 8, ndipo nayenso adasamala za liwu lokwera ndi lotsika.

Njira ya Panini wogulitsa aliyense angaimve. Amatenga tsinde la mawu n'kuonetsa timagawo tomwe timalumikizidwa kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Tiyese ndi Chichewa chathu. Tsinde ndi gul. Pamenepo pakutuluka gula, gulitsa, gulira, gulidwa, gulitsana. Mukati ndinakugulira, m'liwu limodzilo mwanena wogula, nthawi yake, wolandira katunduyo ndi ntchito yomwe. Timalamulo towerengeka tikubala mawu osawerengeka. Akatswiri a ku Ulaya atayamba kuwerenga mabuku a Sanskrit, makamaka William Jones atayankhula ku Calcutta mu 1786 za ubale wa chiyankhulochi ndi Chigiriki ndi Chilatini, adapeza kuti amwenye adali atawatsogolera kalekale.

Wina wotsatira Panini, dzina lake Patanjali, adapereka fanizo lokoma zedi. Munthu akafuna mphika amapita kwa woumba kukaitanitsa. Koma akafuna kuyankhula sapita kunyumba kwa katswiri wa galamala kukapempha kuti amuumbire mawu, amangoyankhula basi. Ndiye kuti mawu amayambira kwa anthu, katswiri amabwera m'mbuyo. Mpaka apa India wakale ndi Chicago akugwirizana.

Posiyana ndi apa. Kwa akuluakulu ambiri a ku India, Sanskrit idali yopatulika, mgwirizano wa liwu ndi tanthauzo lake udali wosasintha, ndipo kuyankhula molondola kudali ngati ntchito ya chipembedzo. Ferdinand de Saussure wa ku Geneva, amene naye ankaphunzitsa Sanskrit, adaona mwina: kuti nyamayi tiitche galu kapena dzina lina ndi chizolowezi cha anthu chabe, ndipo chizolowezi chimasintha. Ku India malamulo a Panini m'kupita kwa nthawi adasanduka muyeso woweruzira aliyense. Sanskrit idakhala ya ophunzira, anthu wamba n'kumapitiriza ndi ziyankhulo zawo za pamsika.

Abale anzanga, kodi nkhaniyi sikumveka ngati ya kwathu konkuno? Mnyamata uja ankayankha mafunso a Watkins adabwerera kumudzi mu 1958, ndipo pa misonkhano ankayankhula Chingerezi, wina n'kumamasulira. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Kongeresi udakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha dziko, dzina loti Chinyanja lidachotsedwa, Chitumbuka chidazimitsidwa pa wailesi mpaka 1994. Mu 1972 padakhazikitsidwa Chichewa Board yoti iziyang'anira kalembedwe ndi kayankhulidwe. Wofunsidwa uja adasanduka woweruza, ndipo ankadzudzula poyera anthu amene kwa iye ankaononga Chichewa. Ubwino udalipo, tisaname: kalembedwe kadakhala kamodzi, mabuku adachuluka. Koma mwana wa ku Nsanje kapena ku Nkhotakota adayamba kuchita manyazi ndi mawu a amayi ake.

Watkins sadatenge njira imeneyo. Kuyambira 1934 mpaka 1947 adaphunzitsa ku Fisk, yunivesite ya anthu akuda ku Nashville, ndipo adali m'gulu la aphunzitsi amene adayambitsa maphunziro a za Africa kumeneko mu 1943. Atachoka adapita ku Howard, mu mzinda wa Washington, komwe adagwira ntchito mpaka kupuma mu 1972. Moyo wake wonse udali wa choko ndi kope, kumvetsera ziyankhulo za anthu amene dziko linkawayesa opanda pake. Adamwalira mu 1976.

Mbewu yake idamera. Mu 1987, patatha zaka 50 chitulukire buku lija, Joan Bresnan wa ku Stanford ndi Sam Mchombo wa kwathu kuno adalemba za Chichewa m'magazini ya akatswiri yotchedwa Language, ndipo chiyankhulo chathu chidakhala choyesera nzeru zatsopano za galamala pa dziko lonse. Kuno kumudzi, m'malo mwa Chichewa Board mudabwera Centre for Language Studies mu 1996, yoyang'ana ziyankhulo zonse za m'Malawi.

Choncho inu a sukulu, malamulo a kalembedwe aphunzireni ndithu, poti mayeso sakhululuka ndipo kalata yolembedwa bwino imatsegula zitseko. Koma mukamva mayi wa kachewere uja akutchula mawu mosiyana ndi buku lanu, musathamangire kuseka. Yambani mwafunsa kuti kwawo amati chiyani, mulembe m'kope. Ndi mmene Watkins adachitira ndi mnyamata wa ku Kasungu, ndipo pa awiriwo amene adali ndi choti aphunzire adali wolembayo.