Denis Burkitt, dokotala wa diso limodzi amene analondola khansa ya ana mpaka kuno kwathu

Mwana akatupa tsaya m'midzi ndi m'makomboni a m'minda ya tiyi kuno ku Thyolo, ambiri timaganiza za dzino kapena matsagwidi, ndipo kawirikawiri zimakhaladi zomwezo. Koma pali chotupa china chimene chimakula ukuchiona, n'kugwedeza mano a mwana popanda ululu weniweni. Ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa ana m'Malawi, ndipo imadziwika ndi dzina la munthu amene anayamba kuifotokoza bwino, Denis Burkitt.

Burkitt anabadwa pa 28 February 1911 ku Enniskillen, pachilumba cha Ireland. Ali ndi zaka 11 anavulala diso lakumanja mpaka linachotsedwa, komabe anaphunzira udokotala ku Trinity College ku Dublin nakhala katswiri wa maopaleshoni. Anafika ku Uganda mu 1946.

Mu 1957, pa chipatala cha Mulago ku Kampala, mnzake Hugh Trowell anamuonetsa kamnyamata kotupa nsagwada mbali zonse. Posakhalitsa anaona mwana wina wotero. Atafufuza m'mabuku akale a chipatala anapeza kuti ana oterewa ankakhalanso ndi zotupa m'mimba, ndipo anazindikira kuti onsewa akudwala nthenda imodzi. Analemba zimenezi mu 1958, koma ochepa ndiwo analabadira.

Chimene ine chimandisangalatsa mwa munthuyu n'chakuti analibe labotale yapamwamba. Anali ndi mapu ndi mafunso. Anatumiza timapepala ta zithunzi ku zipatala za mu Africa, ndipo mu 1961 iye ndi madokotala anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, anakwera galimoto yakale ya Ford n'kuyenda makilomita pafupifupi 16,000 m'masabata khumi. Anayendera zipatala zoposa 50, kuphatikizapo za ku Nyasaland. Kuno anapeza kuti nthendayi inali yochuluka m'mphepete mwa nyanja ndi m'zigwa zotentha, koma inkachepa kumtunda kopitirira mamita pafupifupi 900. Malo otentha ndi achinyezi ndiwo malo a udzudzu, motero mapu ake anafanana ndi mapu a malungo.

Thyolo ali cha pamalire amenewo: tiyi ali pamtunda, chigwa cha Shire chili pansi pomwepa. Koma tisadzinamize kuti phiri likutiteteza. Malungo alipo kuno, ndipo mabanja ambiri amakwera ndi kutsika pakati pa Thyolo, Chikwawa ndi Nsanje.

Mu 1961 momwemo Burkitt anakamba za khansayi ku London, ndipo mwa omvera munali Anthony Epstein amene anapempha tizidutswa ta zotupazo. Mu 1964 Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapezamo kachilombo kamene lero timati Epstein-Barr, koyamba kupezeka kuti kamakhudzana ndi khansa mwa anthu. Pafupifupi mwana aliyense kuno amakatenga ali wamng'ono osadwala, choncho pakokha sikokwanira.

Nanga chimachitika n'chiyani? Maselo onse a m'magazi amachokera ku maselo ochepa oyambitsa amene amakhala m'mafuta a m'mafupa. Ena mwa ana awo ndi maselo a B, asilikali opanga zida zolimbana ndi matenda. Pokonza zidazo, maselowa amadula ndi kulumikiza DNA yawo, ulusi umene uli ndi malangizo a selo. Malungo obwerezabwereza amawagwiritsa ntchitoyi mosapuma, kachilombo kaja n'kumawathandiza kuchulukana, mpaka tsiku lina selo limodzi limalumikiza molakwika. Ulusiwo unamangidwa m'mitolo yotchedwa makromozomu, ndipo kachidutswa ka mtolo wa nambala 8 kamakamatika pa wa nambala 14. Pakachidutswapo pali jini yotchedwa MYC. Sindikunena majini a mizimu ayi, jini ndi lamulo limodzi lolembedwa mu DNA. MYC ndiye amalamula selo kuti ligawike, ndipo pamalo atsopanowo sazimanso. Zimenezi zinadziwika mu 1982. N'chifukwa chake maselo a chotupachi amatha kuwirikiza kawiri m'tsiku limodzi kapena awiri. Akadzaza m'mafuta a m'mafupa, nthendayi imasanduka khansa ya m'magazi, leukemia: mwana amatuwa, amafooka, amatuluka magazi m'nkhama. Cholakwikacho chimachitika m'thupi mwa mwanayo. Sachitengera kwa bambo kapena mayi, ndipo sangapatsire mnzake.

Liwiro lomwelo ndilo limagonjetsa khansayi. Burkitt anapempha mankhwala a methotrexate ndi cyclophosphamide ku makampani, ndipo anaona zotupa zikuluzikulu zikuphwa m'masiku ochepa, ana ena n'kuchiriratu. Mankhwala amenewa akugwirabe ntchito pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Inu makolo ndi odzipereka pa zaumoyo, mukaona tsaya, diso kapena mimba ya mwana ikutupa msangamsanga, musadikire malipiro a kumapeto kwa mwezi kapena kuzula dzino kaye. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chotupa chikaphwa, mwana amalizebe mankhwala onse, chifukwa maselo otsala amayambiranso.

Burkitt anabwerera ku England mu 1966. Zaka zake zotsala anazithera polimbikitsa anthu kudya zakudya zosachotsa gaga, kotero kuti akanakhala mlendo pakhomo panu akanasankha nsima ya mgaiwa. Anamwalira pa 23 March 1993 ku Gloucester ali ndi zaka 82.