Percy Julian, mdzukulu wa akapolo amene anapeza mankhwala mu soya

Mankhwala a hydrocortisone ndi prednisolone amene madokotala amapatsa odwala mphumu ndi nyamakazi m'zipatala za kuno kwathu, kuchokera ku UTH mu Lusaka mpaka ku Katondwe m'boma la Luangwa, kale anali a anthu olemera okha. M'modzi mwa akatswiri amene anathandiza kutsitsa mtengo wake ndi malemu a Percy Julian.

A Julian anabadwa pa 11 Epulo 1899 mu mzinda wa Montgomery m'dziko la America, m'banja la anthu akuda limene makolo ake anali akapolo. Atapita ku DePauw University mu 1916 anawakaniza kugona m'nyumba za ophunzira chifukwa cha khungu lawo, koma mu 1920 ndi iwo amene anakhoza kuposa anzawo onse. Digiri ya udokotala wa sayansi anakaipeza ku Vienna mu 1931.

Mu 1936 analowa ntchito pa kampani ya Glidden ku Chicago. Tsiku lina mu 1939 madzi analowa mwangozi m'thanki ya mafuta a soya, ndipo pansi pake panadikha zinthu zoyera. A Julian anazindikira kuti ndi masterol, zopangira mahomoni a mtundu wa steroid, ndipo posakhalitsa anayamba kupanga progesterone wochuluka. Ndi soya yemweyu amene alimi akulima ku Chipata ndi Katete.

Thupi limadzipangira lokha steroid wotchedwa cortisol m'tiziwalo ta pamwamba pa impso. Cortisol amaletsa maselo oyera a m'magazi, asilikali a thupi, kuti asachite ukali wopitirira. Akachuluka amafotetsa thymus, kachiwalo ka kuseri kwa fupa la pachifuwa komwe maselo a T amakhwimira, ndipo maselo anthete ambiri amafa asanakule. N'chifukwa chake steroid amathetsa kutupa msanga, komanso womwa kwa nthawi yaitali popanda dokotala amagwidwa mosavuta ndi matenda monga TB.

Dokotala Philip Hench anasonyeza mu 1948 kuti cortisone amadzutsa odwala nyamakazi, koma nthawi imeneyo ankapangidwa kuchokera ku ndulu ya ng'ombe ndipo anali wosowa kwambiri. Mu 1949 a Julian analengeza njira yopangira Substance S kuchokera ku soya, ndipo pambuyo pake makampani ena anapeza tizilombo tating'ono tomusandutsa hydrocortisone.

Kutchuka sikunawateteze. Atagula nyumba ku Oak Park, dera la azungu, anthu anayesa kuitentha mu 1950, ndipo mu 1951 anaponyapo bomba. Iwo sanasamuke. Anatsegula kampani yawo ya Julian Laboratories, imene anaigulitsa mu 1961 pa mtengo woposa madola 2 miliyoni, ndipo mu 1973 anasankhidwa kulowa m'bungwe la National Academy of Sciences.

Anamwalira ndi khansa ya m'chiwindi pa 19 Epulo 1975, ali ndi zaka 76.